Magalasi acikasu sadzacotsa kuthobwa kwa malaiti usiku

Sabata ino sitikamba za malungo kapena za kutsegula m'mimba monga ticitira nthawi zambiri pa tsamba lino. Tikamba za maso, ndiponso za mseu waukulu wocokera ku Lusaka umene upita m'tauni yathu ya Kafue kulinga ku Chirundu ndi ku Livingstone. Wina adzafunsa kuti, kodi nkhani ya magalimoto ikufunanji pa tsamba la zaumoyo? Ameneyo abwere adzagone usiku umodzi m'cipinda colandirira obvulala kumapeto kwa mwezi, ndipo sadzafunsanso.

Masabata apitawa kunabwera bambo wina kucipatala, munthu wa zaka zopitirira 50, amene wayendetsa minibasi pakati pa Kafue ndi Lusaka kwa nthawi yaitali. Anabwera ndi cifuwa. Nditawalembera mankhwala sananyamuke. Anapisa m'thumba la malaya natulutsa magalasi acikasu, nati, "A dokotala, tandionereniko awa. Ndinagula pa siteshoni m'tauni, ndipo wogulitsa anati ndi oyendetsera usiku. Kodi ndi enieni kapena anandidyera ndalama? Cifukwa malaiti a anzanga akali kundithobwa m'maso, makamaka ndikapitirira pa Shimabala." Ndinawayankha kuti, "Bambo, kaya ndi enieni kaya ndi abodza, nchito imene mufuna sadzakugwirirani. Khalani pansi ndione maso anu." Zimene ndinapeza ndidzakuuzani kutsogoloku, koma coyamba ndifotokoze cifukwa cake ndinawayankha motero, pakuti ndidziwa kuti madilaiva ambiri a mu Nangongwe, mu Shikoswe ndi mu Zambia Compound ali ndi magalasi otere m'galimoto, ndipo ena anawagulira ndi akazi awo kapena ana awo cifukwa cowafunira zabwino.

Masiku ano zinthu zogulitsa zimene akuti zicepetsa kuthobwa zaculuka. Pali magalasi acikasu aja. Pali kapulasitiki kamene amakoleka kumwamba kwa galasi la kutsogolo, kokhala ndi mbali yakuda ya masana ndi mbali yacikasu ya usiku. Pali tinti. Ndipo pali mababu owala koopsa, amene munthu agula poganiza kuti, popeza anzanga andithobwa, nanenso ndiwale kuposa iwo. Maganizo anga pa zonsezi ndi awa: ciliconse cimene muika pakati pa diso lanu ndi mseu usiku cicotsako kuwala, ndipo sicisankha kuwala kocotsa. Cizimitsako malaiti a gonyeti imene ikubwera, inde, koma cizimitsakonso mai amene akuoloka mseu ndi mtolo pamutu atabvala citenje cakuda. Gonyeti ija mudzaiona ndithu, ngakhale mutabvala magalasi asanu. Amene adzasowa m'maso mwanu ndi mai uja.

Kuti timvetse bwino tiyeni tione mmene diso ligwirira nchito. Kadontho kakuda ka pakati pa diso, kamene timati mwana wa diso, ndi khomo lolowera kuwala. Mumdima khomolo likula kuti kuwala kocepa kumene kulipo kulowe konse, ndipo pa dzuwa licepa. Kuseri kwa khomolo kuli kagalasi koyera mbee, kamene kasonkhanitsa kuwala ndi kukuponya pa kansalu ka kumbuyo kwa diso, komwe cithunzi cipangidwa. Munthu akacoka powala kulowa mumdima, kansalu kameneka kafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti kazolowere kotheratu. Tonse tidziwa zimenezi, pakuti magetsi akazima usiku poyamba sitiona kanthu, kenaka pang'ono-pang'ono tiyamba kuona mpando ndi citseko. Tsopano dilaiva amene wayenda mumdima, maso ake atazolowera, akaombedwa ndi malaiti a fulu, khomo lija litsekeka mwadzidzidzi ndipo kansalu kaja kadzazidwa ndi kuwala. Galimoto ija ikapita, papita masekondi angapo maso asanabwerere mwakale. M'masekondi amenewo munthuyo akuyendetsa ali wakhungu.

Masekondi angapo amveka ngati kanthu kocepa. Tiyeni tiwerenge. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola iyenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Masekondi atatu ndi mamita 66, ndiye kuti kupitirira theka la bwalo la mpira. Pa makilomita 100 pa ola ndi mamita 28 pa sekondi. Onjezani kuti malaiti a dimu aunikira bwino mamita 50 kapena 60 cabe kutsogolo, ndi kuti munthu wobvala zakuda aoneka pafupi kuposa pamenepo, ndiponso kuti galimoto ya pa 80 ifuna mtunda wonga womwewo kapena woposa kuti iime, kuwerengera ndi nthawi yakuti phazi lifike pa buleki. Mudzaona kuti ngakhale munthu wa maso abwino alibe mpata wotsala. Tsono pa mpata umene kulibewo, iye aonjezapo galasi locepetsa kuwala.

Nkhani yaikulu imene ogulitsa sakuuzani ndi ya zaka. Munthu akamakula, mwana wa diso sakulanso kwambiri mumdima monga kale, ndipo kagalasi ka m'kati kaja kayamba kucita cikasu ndi kulimba. Pa zaka 60, kuwala kumene kufika kumbuyo kwa diso ndi pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kumene kunkafika munthuyo ali ndi zaka 20. Taonani: cilengedwe cakubvekani kale magalasi acikasu m'kati mwa diso, ndipo inu mukagula ena kuti mubvale pamwamba pake. Nayonso nthawi yakuti maso abwerere atathobwa italika ndi zaka. Ine amene ndilemba ndili m'zaka za m'ma 40, ndipo ndayamba kuzimva ndekha ndikamacokera ku Lusaka madzulo. Mseu ndi womwewo, koma maso si omwe aja.

Ena adzati awa ndi maganizo a munthu mmodzi. Iai, zinayesedwa. M'caka ca 2019, akatswiri a maso a ku Schepens Eye Research Institute mu mzinda wa Boston ku America, motsogozedwa ndi Alex Hwang ndi Eli Peli, anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya madokotala yochedwa JAMA Ophthalmology. Anatenga anthu 22, nawakhazika pa makina oyerekeza kuyendetsa galimoto usiku, okhala ndi nyali yothobwa ngati ya galimoto yobwera kutsogolo. Aliyense anayendetsa atabvala magalasi acikasu a mitundu itatu, ndiponso atabvala oyera, ndipo anauzidwa kuliza hutala akangoona munthu woyenda pansi. Magalasi acikasu sanathandize anthuwo kuona munthuyo msanga, kaya pali nyali yothobwa kaya palibe. Zaka zambiri izi zisanacitike, mu 1997, bungwe la boma la America loyang'anira malonda, la Federal Trade Commission, linalipiritsa kampani ina imene inkalengeza kuti magalasi ake a usiku ateteza ku ngozi, cifukwa inalibe umboni. Ku Britain nako, buku la malamulo a pamseu licenjeza oyendetsa kuti asabvale magalasi a mtundu usiku ngati awacepetsera kuona.

Sindifuna kunamizira madilaiva kuti ndi opusa. Akanena kuti akabvala magalasiwa amva bwino m'maso, anena zoona. Mtundu wacikasu ucotsako kuwala kwa buluu kumene kulasa m'maso, ndipo zinthu zioneka ngati zawala, ngati kunja kwaca pang'ono. Koma kumva bwino ndi kuona bwino ndi zinthu ziwiri. Ndipo coopsa cili pomwepo, pakuti munthu amene akumva kuti akuona bwino aponda mafuta. Wothobwa amene alibe magalasi acita mantha nacepetsa liwiro, ndipo mantha amenewo ndi amene apulumutsa anthu. Magalasi acotsa mantha nasiya khungu.

Za magalasi a dzuwa akuda sindifuna kutaya nthawi. Wobvala amenewo usiku ali pa siteringi ayenera kucotsedwa pamseu. Cimodzi-modzi tinti pa galasi la kutsogolo ndi pa mawindo a pambali pa dilaiva.

Tsopano tibwerere kwa bambo aja. Ndinawaimika mamita 6 kucokera pa chati ca zilembo, ndi kuwatseka diso limodzi-limodzi. Diso la kumanzere linawerenga bwino ndithu. La kumanja linalekera pakati. Nditaunika ndi toci, mwana wa diso amene afunika kukhala wakuda bii anaoneka wotuwa ngati utsi. Inali ng'ala, ikali yaing'ono. Ndinawayezanso shuga pobaya cala, ndipo inali pamwamba kwambiri. Iwo sanadziwe konse kuti ali ndi matenda a shuga, ngakhale anabvomera kuti amadzuka kanayi usiku kukataya madzi, ndi kuti ludzu silikutha.

Pano ndipempha kuti muwerenge mofatsa, cifukwa ndi pamene pali mtima wa nkhaniyi. Ambiri tidziwa ng'ala ikakhwima, diso la agogo litayera ngati mkaka. Koma ng'ala siyamba motero. Iyamba ngati kamtambo kocepa m'kagalasi ka m'kati mwa diso, kosaoneka kwa munthu woyang'ana kunja. Kamtambo kameneko kamwaza kuwala, monga mmene galasi la fumbi limwazira dzuwa la m'mawa. Masana munthuyo aona bwino, awerenga nyuzipepala, azindikira anthu patali. Usiku, nyali iliyonse ikhala ndi mphete ndi nthambi, ndipo galimoto imodzi yobwera idzaza mseu wonse ndi kuwala. Cotero kuthobwa kumene kukukulira-kulira caka ndi caka nthawi zambiri ndi cizindikiro coyamba ca ng'ala, cimene cifika matenda ena onse asanaoneke. Munthu amene athamangira pa siteshoni kukagula magalasi ali ngati wodwala malungo amene amwa panado: thupi lizizirako, koma tizilombo tikali kuswana m'magazi.

Ng'ala ndi imene icititsa khungu anthu ambiri padziko lonse kuposa matenda ena onse a maso. Ibwera ndi ukalamba, koma ifulumira mwa odwala shuga, mwa osuta fodya, mwa amene anabvulala diso, ndiponso mwa amene adontheza m'maso kwa miyezi yambiri mankhwala a gulu la steroid ogula okha popanda kulemberedwa. Awa omalizawa ndiwachula dala, cifukwa anthu a maso oyabwa amawakonda, pakuti aziziritsa msanga, koma angabweretse ng'ala ndi matenda ena a kukwera kwa mphamvu ya madzi m'diso, ochedwa glaucoma, amene khungu lake silicira. Za shuga, madilaiva a mitunda yaitali asamale: kukhala pampando tsiku lonse, nsima yaikulu usiku, ndi zakumwa zozizira zotsekemera pa siteshoni iliyonse, ndi njira yolunjika ya ku matendawa.

Si onse othobwa amene ali ndi ng'ala. Acinyamata ambiri ali ndi maso ofuna mandala cabe, ndipo sadziwa. Masana mwana wa diso ndi wamng'ono, ndipo abisa colakwaco. Usiku akakula, colakwaco cioneka, ndipo nyali zicita mizere. Kuyeza kwake ndi kosabvuta: timpatsa munthu kakhadi kobooledwa kabowo kakang'ono kuti asuzumire, ndipo ngati zilembo za pa chati zaoneka bwino kuposa poyamba, tidziwa kuti mandala adzamthandiza. Amenewo ndiwo magalasi a usiku enieni, oyera, opimidwa pa diso la mwini wake. Kwa obvala mandala otere, kuli kupaka kwina kumene opanga mandala amaika kuti galasi lisabweze kuwala, ndipo kumeneko kuthandizadi, cifukwa kulowetsa kuwala kwambiri m'malo mokucepetsa. Ena ali ndi zipsera pa khungu loyera la kutsogolo kwa diso, zotsala ndi zilonda zakale kapena ndi mankhwala a zitsamba amene anadonthezedwa m'maso ali ana. Cipsera naco cimwaza kuwala.

Ndichuleko za kaloti, cifukwa ndifunsidwa kawiri-kawiri. Ndi zoona kuti kusowa kwa vitamini A kucititsa munthu kusaona mumdima, makamaka ana ndi amai apakati, ndipo ndico cifukwa cake kuyambira mu 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amaikamo vitamini ameneyu. Koma bambo wamkulu amene adya ndiwo zamasamba, mango, mapapaya ndi mazira sasowa vitamini A, ndipo thumba la kaloti silidzasungunula ng'ala. Palibenso mankhwala odontheza, a m'sitolo kapena a kwa sing'anga, amene asungunula ng'ala.

Cimene cicotsa ng'ala ndi opaleshoni, ndipo ndi imodzi mwa maopaleshoni ofulumira ndi opambana kwambiri amene tili nawo. Munthu sagonekedwa tulo; amangopha diso lokha ndi mankhwala. Dokotala acotsa kagalasi kamtambo kaja naikamo kena koyera kopangidwa, ndipo nchitoyo sifika ola limodzi. Diso silicotsedwa m'mutu, monga ena amanenera m'makomboni, ndipo palibe amene aikidwa diso la mbuzi. Ife a ku Kafue tili ndi mwai, pakuti Lusaka ali pa mtunda wosafika makilomita 50, ndipo kumeneko kuli cipatala ca maso ca ku UTH ndi ca Lusaka Eye Hospital. Yambirani pa kiliniki ya Nangongwe kapena ina ili pafupi nanu, ndipo adzakutumizani koyenera.

Nditawafotokozera zonsezi, bambo aja anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anati, "A dokotala, mwini basi akamva kuti ndili ndi ng'ala, mawa lomwe makiyi apatsa mnyamata. Ana anga adzadya ciani?" Funso limeneli ndi limene ligulitsa magalasi acikasu, osati umbuli. Magalasi abisa cinsinsi, pamene cipatala ciulula. Ndilimvetsa bvuto limeneli ndipo sindilipeputsa. Koma ndinawauza cimene ndiuza dilaiva aliyense: ng'ala siima, ipitirira, ndipo nchito imene muiteteza pobisa idzatha ndithu, mwina pa tsiku loipa, pali mtembo pamseu ndi apolisi. Pamene dilaiva amene wacotsedwa ng'ala abwerera pa siteringi patapita masabata owerengeka akuona bwino kuposa mmene waonera kwa zaka khumi. Kwa eni mabasi ndi eni mathiraki ndinena kuti dilaiva wa zaka 50 amene wapimitsa maso ndi cuma, ndipo kumcotsa nchito cifukwa wanena zoona ndi kuphunzitsa ena onse kubisa. Mpatseni maulendo a masana mpaka atacira.

Apa ndiyenera kudzudzula ndi ife a zaumoyo. Munthu asanatenge laisensi ku RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, afunika cikalata ca kucipatala. Zikalata zimenezi ndazisainapo zambiri. Tiyeza maso pa chati, masana, m'cipinda cowala, ndipo munthu wa ng'ala yoyamba angapambane mayeso amenewo bwino lomwe, cifukwa chati sicimthobwa. Ngati sitimfunsa kuti, "Kodi usiku muona bwanji?" ndi kuunika m'diso ndi toci, tamlola kupita. Ndipo tonse tidziwa kuti pa mzere wautali ciyeso cimakhalapo cakuti munthu angosaina. Siginecha yotero ingaphe munthu amene sitidzamuona nkhope.

Nanga munthu wa maso abwino amene athobwabe acite ciani? Zothandiza zenizeni zilipo, ndipo zambiri sizifuna ndalama, mwina ndico cifukwa cake palibe amene azilengeza. Coyamba ndi galasi la kutsogolo. Ambiri apukuta kunja, koma m'kati mukhala mafuta ocokera ku mpweya wa anthu, ku utsi wa fodya ndi ku manja a kondakitala, ndipo mafuta amenewo amwaza kuwala ngati ng'ala yomwe. Madzi, sopo pang'ono ndi nyuzipepala yakale, ngakhale ino mukatha kuwerenga, zikwanira. Musapukute fumbi louma ndi nsanza youma, cifukwa mcenga ukanda galasi, ndipo mkwaso uliwonse usanduka nthambi ya kuwala usiku. Mawaipa otha acita cimodzi-modzi. M'nyengo ya mvula, kufupi ndi mtsinje wa Kafue, tizilombo touluka tifera pa galasi tambirimbiri, ndipo waipa youma ingotipaka ngati phala. Sungani madzi m'kabotolo ka mawaipa. Galasi long'aluka ndi mwala lisinthidwe. Ndidziwa kuti ndi lodula, koma ndi pamenepo pamene ndalama za zokometsera zinayenera kupita.

Caciwiri cili kale m'galimoto yanu, ndipo ndadabwa kupeza madilaiva a zaka zambiri osacidziwa. Pansi pa kalirole wa m'kati, woonera kumbuyo, pali kacitsulo kapena kapulasitiki kakang'ono. Mukakakankha, kalirole apendekeka, ndipo m'malo mwa kuwala konse kwa galimoto ya kumbuyo, m'maso mwanu mufika magawo anai cabe pa 100 alionse. Galimotoyo muionabe, koma siikulasani. Ici ndi cipangizo cocepetsa kuthobwa cimene cigwiradi nchito, cifukwa cicepetsa za kumbuyo osakhudza mseu wa kutsogolo. Cepetsaninso kuwala kwa pa dashibodi, zimitsani nyali ya m'kati, ndipo foni ikhale m'thumba.

Galimoto ikamabwera ndi malaiti owala, musaiyang'ane. Diso likokeka ndi nyali monga gulugufe wa usiku, ndipo kumene diso liyang'ana manja atsatira. Ponyani maso kumanzere, pa mzere wacikasu wa m'mphepete mwa mseu, cotsani phazi pa mafuta, ndipo ngati simukuona, cepetsani liwiro mpaka muone. Kumanzere komweko ndi kumene kuli wa njinga ya makala wopanda nyali ndi mwana wotumidwa ku kantemba. Kumthwanimira mnzanu kamodzi kuti adime ndi cikumbutso. Koma kumuyatsira fulu mpaka mupambane, pobwezera, ndi kupanga akhungu awiri amene akuthamangirana pamseu wopanda cocinga pakati.

Mowa ndi tulo zitalikitsa nthawi ija yakuti maso abwerere, ndiponso zicedwetsa phazi. Nawo mapiritsi a cimfine, monga piritoni, agonetsa. Ndipo tsiku limene akudonthezerani mankhwala okulitsa mwana wa diso pokupimani, musayendetse mpaka atatha mphamvu. Pitani ndi wina.

Tsopano mbali imene sitikonda kumva, yakuti ifenso tithobwa anzathu. Aliyense adandaula za malaiti a mnzake, palibe adandaula za ake. Nyali ya galimoto inapangidwa kuti kagalasi konyezimira ka kumbuyo kwa babu kasonkhanitse kuwala ndi kukuponya pansi, kumanzere. Kagalasi kameneko kanapimidwa pa babu la mtundu umodzi. Mukacotsa babu limenelo ndi kuikamo la LED logula pamsika, kuwala kucokera pa malo ena, ndipo kumwazikira m'mwamba ndi m'mbali. Inu muona khoma la nyumba lawala nimukondwa, koma pamseu mwina simuona patali kuposa kale, ndipo aliyense wokumana nanu mwamthira tsabola m'maso. Nanga mipiringidzo ya malaiti ija amaika pamwamba pa mavani? Inapangidwira m'chire ndi m'mafamu. Kuiyatsa pa Kafue Road ndi nkhanza.

Ngakhale babu loyenera lithobwa ngati nyali yapenya kumwamba. Maenje a pamseu aisuntha, ndipo mukadzaza matumba a ufa kapena a makala kumbuyo, mphuno ya galimoto ikwera pamodzi ndi malaiti. Magalimoto ambiri ocokera ku Japan ali ndi kagudumu pafupi ndi siteringi kolembedwa manambala kuyambira pa 0, kotsitsira malaiti mukanyamula katundu. Kuyeza nyali mungacite pakhomo: imikani galimoto pa malo osalala mamita 10 kucokera ku khoma, yatsani dimu, ndipo mzere wa pamwamba wa kuwala ukhale masentimita 10 kapena 15 pansi pa msinkhu wa nyali zanu, ndi kukwera pang'ono cakumanzere. Ukakhala pamwamba, makanika aliyense aukonza ndi sikuludiraiva. Magalimoto opangidwira maiko oyenda kumanja, monga Congo, ali ndi nyali zokwera cakumanja, ndiye kuti pamseu wathu ziponya kuwala m'maso mwa wobwera kutsogolo. Ogula magalimoto otere asinthe nyali. Ndipo pulasitiki ya nyali ikacita cikasu ndi dzuwa, ipukutidwe kapena isinthidwe, m'malo moikamo babu lamphamvu.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Mu 2016 linaika lamulo la nambala 76 loletsa mabasi ndi mathiraki kuyenda kuyambira 21 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndipo lamulolo lasinthidwapo pambuyo pake. Kaya linali labwino kaya loipa, anthu atsutsana, koma silinakhudze maola amene ine ndiwaopa kwambiri, a pakati pa 18 koloko ndi 21 koloko, pamene mdima wangogwa, anthu akuweruka, amai akucokera ku msika, ndipo mseu wadzaza. Cimene ndipempha ndi cosabvuta: mizere ya pamseu ipakidwe isanafufutike, pakuti dilaiva wothobwa alibe cina cogwira koma mzere umenewo, nyali za m'mseu ziyake pa malo oolokera m'tauni, ndipo opima fitinesi ndi apolisi a pa marodibuloko ayang'ane kumene malaiti apenya, osati kungoona kuti ayaka. M'zaka za 2021 ndi 2022, anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pamseu m'Zambia caka ciliconse, ndipo gulu lalikulu mwa iwo anali oyenda pansi.

Ndico cifukwa cake nkhaniyi si ya madilaiva okha. Mabanja ambiri a mu Nangongwe alibe galimoto, koma onse aoloka mseu. Colakwa cimene woyenda pansi acita ndi kuganiza kuti, popeza ine ndikuiona galimoto, nayo ikundiona. Malaiti ake muwaona ali kutali kwambiri, koma iye akuonani atafika pafupi, ndipo ngati kutsogolo kwake kukubwera galimoto ina, sakuonani konse. Nthawi yoipitsitsa yoolokera ndi pamene magalimoto awiri akupambana. Dikirani apite onse. Yendani kumanja kwa mseu, moyang'anana ndi magalimoto, kuti muone cimene cikubwera. Bvalani coyera, kapena nyamulani toci ya pa foni yoyaka. Ngati pali cinthu cogula cimene ndicibvomereza ndi mtima wonse, ndi kansalu konyezimira kaja, kosokera pa cikwama ca mwana wa sukulu, pa jekete la atate opita ku nchito ya usiku, ndi kumbuyo kwa njinga. Kabweza kuwala kwa galimoto kwa dilaiva, ndipo munthu aoneka patali kuwirikiza kangapo. Mtengo wake sufika pa wa magalasi acikasu.

Amai a m'nyumba, inu ndinu amene mudziwa zoona. Ngati amuna anu ayamba kukana maulendo a usiku popanda cifukwa, ngati afika kunyumba maso akucucha misozi ndi mutu ukuwawa, ngati atukwana malaiti a galimoto iliyonse, kapena ngati mwakwera nawo ndi kuona kuti sanaone cimene inu munaona, musawagulire magalasi. Bwerani nawo, ndipo anyamule mandala awo akale ngati ali nawo, ndi mankhwala onse amene amwa kapena adontheza m'maso. Aliyense woyendetsa amene wapitirira zaka 40 apimitse maso zaka ziwiri zilizonse, ndipo wa shuga caka ciliconse.

Bambo aja tinawayambitsa mankhwala a shuga, pakuti opaleshoni iyenda bwino shuga itatsika, ndipo ndinawalembera kalata ya ku Lusaka. Anagwirizana ndi mnzao kuti iwo aziyenda m'mawa ndi masana, mnzaoyo madzulo. Magalasi aja anawasiya pa tebulo langa, ndipo akali m'dirowa.